Mfuti yoyamba yosakira agwape ku Britain: £1,500 igule chiyani?

Funso lachokera kwa mbale wathu amene akukhala ku Norfolk, ku England, ndipo ndalifupikitsa chonchi: "Ndakhala kuno zaka 6. Mnzanga wa kuntchito wanditengerapo kosaka agwape kawiri, ndinkawombera ndi mfuti ya amene ankatitsogolera, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinagwetsa ka muntjac. Mtima wakodwa basi. Ndasunga £1,500. Ndigule mfuti iti ya bolt yosaboola m'thumba koma yodalirika? Ena akuti .243, ena akuti .308, ena akuti ndikapanda kugula Tikka ndiye kuti ndalama ndataya."

Achimwene, ndiyambe ndi kukugwetsani mphwayi pang'ono. Pa zinthu zonse zimene ndalama yanuyo iyenera kugula, mfuti ndiyo chinthu chovuta kulakwitsa. Mfuti za bolt zimene mafakitale odziwika akupanga masiku ano, ngakhale zotchipa zenizeni, zimalunjika kuposa mmene manja a mlenje wachaka choyamba angalunjikire. Ndaonapo anthu ambiri akuphonya kapena kuvulaza nyama, koma amene inawalakwira ndi mfuti yatsopano ya m'sitolo ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Enawo chinawagwetsa ndi galasi loonera losaona kukamada, mantha a kugunda kwa mfuti paphewa, kapena kupupuluma. Ndiye mayina a mfuti ndikupatsani, koma muyembekeze kaye.

Ku Britain munthu sasankha mfuti ali m'sitolo, amaisankha ali pa fomu ya apolisi. Kuti mugule mfuti yotereyi pamafunika chiphaso chotchedwa Firearm Certificate, pansi pa lamulo la Firearms Act la 1968, ndipo pa chiphasocho amalembapo kukula kwa chipolopolo chimene mwaloledwa, kuchuluka kwa zipolopolo zimene mungasunge, ndi ntchito imene mfutiyo igwire. Akalemba .243, wogulitsa sangakupatseni .308 ngakhale mutamugwadira. Chiphasocho chimatha pakapita zaka 5, ndipo kuyambira Febuluwale 2025 kuchitenga koyamba ndi £198. Pamafunika anthu awiri okuperekerani umboni, amene akudziwani kwa zaka zosachepera ziwiri ndipo si achibale anu. Pamafunikanso kalata ya dokotala wanu, imene nayo mumalipira. Wapolisi amabwera kunyumba, kucheza nanu, ndi kuona kabati yachitsulo yomangiriridwa kukhoma imene mfutiyo izikhalamo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani mwalankhula ndi eni ake musanaboole khoma lawo. Alamu anganso muwauze lero lomwe, chifukwa apolisi angathe kuwafunsa maganizo awo, ndipo si bwino kuti nkhani ya mfuti m'nyumba aimvere kwa mlendo wovala yunifolomu. Popeza zaka zambiri za moyo wanu munakhala kwathu, musadabwe akafuna kudziwa za mbiri yanu ya kumeneko.

Koma mtima wa pempho lanu ndi chimene lamulo limachitcha chifukwa chomveka. Kungonena kuti ndimakonda kusaka sikukwanira. Amafuna kuona kalata ya mwini munda kapena nkhalango yokulolani kusaka pamalo ake, kapena umboni wakuti mumalipira maulendo osaka kwa akatswiri ndipo ena mwasungitsa kale malo. Maulendo awiri munapitawo, pemphani amene anakutsogoleraniyo akulembereni kalata yonena tsiku, malo ndi nyama imene munapha. Chinanso chimene chimafewetsa mtima wa apolisi ndi satifiketi ya DSC1, imene maphunziro ake amachititsa a British Deer Society, a BASC (bungwe la alenje ndi owombera mfuti) ndi ena. Lamulo silikakamiza kuti mukhale nayo ku England, koma masiku ochepa amenewo amakuphunzitsani kusiyanitsa mitundu ya agwape, nyengo zololedwa, chitetezo, ndi kuyang'ana matenda m'nyama. Ine ndimati munthu aiyambe imeneyi asanagule ngakhale lamba wa mfuti.

Walira mvula walira matope. Chiphaso, dokotala, kabati ndi maphunziro zikadya pa £1,500 ija, yotsala singakwanire zida zabwino. Mwayi wake ndi wakuti apolisi amatenga miyezi kuti ayankhe, madera ena miyezi yambirimbiri. Zolipira za mapepalazi muzizichotsa pamalipiro a mwezi ndi mwezi pamene mukudikira, £1,500 ikhale osaikhudza. M'miyezi yomweyo pitirizani kupita ndi mfuti ya eni malo, zimene lamulo limalola bola mwini wakeyo ali nanu pomwepo, ndipo nthawi iliyonse muzifunsa kuti mfutiyi ndi yanji, ikulemera bwanji, ikukhala bwanji paphewa panu.

Za chifukwa chake bolt, palibe zambiri zokambirana. Chichitikireni zoopsa za ku Hungerford mu 1987, pamene munthu wina anawombera ndi kupha anthu ambiri, lamulo la 1988 linaletsa anthu wamba mfuti zazikulu zodzilowetsera zokha chipolopolo, choncho pafupifupi mlenje aliyense wa agwape kuno amanyamula ya bolt. Mumakweza chogwirira, kukokera kumbuyo kuti chikhungwa chakale chituluke, kukankhira kutsogolo kuti chatsopano chilowe, ndi kutsitsa kuti chitsekeke. Kapangidwe kameneka n'kakale, ambiri amatengera mfuti ya Paul Mauser ya 1898. Agogo athu amene anamenya nkhondo mu King's African Rifles ankanyamula Lee-Enfield, 303 ija timaimva m'nkhani za akuluakulu, ndipo nayonso ndi ya bolt. Ndi makina opanda zambiri zoti zionongeke. Mukaisamala, adzukulu anu adzaipeza.

Tsopano chipolopolo, pamene pagona nkhani yanu yeniyeni.

Ku Britain kuli mitundu 6 ya agwape am'tchire: red, roe, fallow, sika, muntjac ndi Chinese water deer. Dzina lakuti gwape tikungobwereka, poti gwape wathu wa kumudzi ndi nyama ina, koma muntjac munaphayo msinkhu wake ndi womwewo, makilogalamu 10 mpaka 18. Iyeyu kwawo ndi ku China, anafalikira kuchokera ku Woburn, ku Bedfordshire, ndipo alibe nyengo yoletsedwa chifukwa amaswana chaka chonse. Roe ndi wokulirapo pang'ono. Fallow wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 80, ndipo red wamphongo wa m'nkhalango za kum'mawa kwa England amayandikira ngoma yaikazi. Kumene muliko, makamaka cha ku Thetford Forest, mungakumane ndi muntjac, roe, fallow ndi red m'mawa umodzi. Choncho mfuti yanu imodziyo iyenera kukwanira onsewo.

Lamulo la Deer Act la 1991 limati ku England ndi Wales, kwa agwape onse, chipolopolo chisachepere .240 ya inchi m'mimba mwake, ndipo mphamvu yake potuluka isachepere ma foot-pound 1,700 (muyeso wa mphamvu ya chipolopolo). Kwa muntjac ndi Chinese water deer okha ndi kumene amalola .220, cholemera ma grain 50 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), mphamvu 1,000. Ku Scotland amawerengera mwina: kwa agwape akuluakulu chipolopolo chilemere ma grain osachepera 80 kuyambira 2023, pamene kale anali 100, liwiro lisachepere mafiti 2,450 pa sekondi, ndipo mphamvu ikhale 1,750. Ndiye .223 imene ena angakunyengerereni poti n'njofewa, isiyeni. Ku England simungawombere nayo ngakhale roe.

Kwa zaka zambiri yankho la funso lanu linali .243 Winchester, ndipo panalibe wotsutsa. Inatuluka mu 1955, ili chikhungwa cha .308 chimene anachifinya kukamwa kuti chigwire chipolopolo chaching'ono. Sigunda phewa, imathamanga mowongoka, imadutsa malire a lamulo, ndipo apolisi anaizolowera. Yanga yoyamba inali yomweyi. Koma lero sindingakulangizeni kuti muyambire pamenepo, ndipo chifukwa chake ndi mtovu.

Mu Julayi 2025 boma linalengeza kuti lithetsa zipolopolo za mtovu posaka nyama ku England, Scotland ndi Wales, pang'onopang'ono m'zaka zikubwerazi, ndipo .243 ili m'gulu lokhudzidwa. Ogula nyama ya m'tchire ambiri anayamba kale kukana nyama yophedwa ndi mtovu. Cholowa m'malo ndi mkuwa. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, choncho kuti chipolopolo cha mkuwa chilemere mofanana ndi cha mtovu, chimayenera kutalika. M'kati mwa paipi ya mfuti muli mizere yopotana imene imazunguza chipolopolo ngati nguli kuti chisagubuduzike m'mlengalenga, ndipo chipolopolo chikatalika chimafuna kuzunguzidwa mofulumirirapo. Mfuti zambiri za .243, makamaka zakale zimene zadzaza m'masitolo pamtengo wokopa, mizere yake imazungulira kamodzi pa mainchi 10. Kwa ma grain 100 a mtovu zimakwana. Kwa ma grain 100 a mkuwa, nthawi zambiri ayi, ndipo ndaonapo pepala lachandamale litabooka mabowo ataliatali, kusonyeza kuti chipolopolo chinafika cham'mbali. Ndiye umatsikira ku ma grain 80 kapena 85. Zimapha ndithu, koma ukaphatikiza ndi paipi yaifupi imene ambiri timakonda, mphamvu imayandikira malire aja a 1,700, ndipo pa fallow wamkulu woima mopendekeka, mpata wolakwitsa umachepa. Zilipo .243 zatsopano zozungulira kamodzi pa mainchi 8, ndipo zimenezo vutoli zilibe. Koma ngati mukuyamba kumene, bwanji kuyamba ndi chinthu chofuna kuchinyengerera?

Ine ndikuti lembani .308 Winchester. Ndi ya 1952, imapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti kuyambira ku Cornwall mpaka ku Inverness, ndipo zipolopolo zoyeserera zotchipa n'zosasowa chifukwa owombera chandamale amaigwiritsanso ntchito. Ya ma grain 150, amene ndi magalamu osakwana 10, imatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,800 pa sekondi, mphamvu yake cha m'ma 2,600, kutali ndi malire a lamulo kulikonse m'dziko muno. Mkuwa wa ma grain 130 kapena 150 imaulandira popanda makani. Paipi yake imakhalitsa kuposa ya .243, poti wonga wofananawo ukutulukira pakhomo lotakasuka. Ukaidula kufika mainchi 20, liwiro silitsika kwambiri.

Mudzamva wina akuti .308 pa ka muntjac n'kupha ntchentche ndi nyundo. Amene amatero sanasende nyama zambiri. Chimene chimaononga nyama kwambiri ndi liwiro ndi kuphwanyika kwa chipolopolo, osati kukula kwake. Ndasendapo roe wophedwa ndi .243 yothamanga kwambiri, phewa lonse lili magazi oundana mpaka kulitaya, ndipo ndasendapo muntjac wophedwa ndi .308 ya mkuwa, kabowo kolowera ngati ka pensulo, kotulukira ngati ndalama yachitsulo, nthiti zokha ndizo zinapita.

Ngati phewa lanu silikondwa ndi .308, kapena apolisi a kwanuko akuzengereza kupereka .30 kwa munthu woyamba, monga amachitira madera ena, tengani 6.5 Creedmoor. A kampani ya zipolopolo ya Hornady anaitulutsa mu 2007, mizere yake ndi ya kamodzi pa mainchi 8 chiyambire, imagunda pang'ono kuposa .308, ndipo imakwanira gwape aliyense wa kuno. Mkulu wake, 6.5x55 ya ku Sweden ya m'ma 1890, amagwira ntchito yomweyo, ndipo alenje a kumeneko akhala akugwetsa nayo nyama zazikulu kuposa red kwa zaka zoposa 100. Za .270 ndi .30-06 ndi zabwino, koma n'zaphokoso ndi zaukali kuposa mmene nkhalango za Norfolk zikufunira.

Tibwere ku mayina. Anzanu otama Tikka sakunama. Tikka T3x imapangidwa ndi a Sako ku Riihimäki, ku Finland, inalowa m'malo mwa T3 mu 2016, ndipo bolt yake imatsetsereka ngati yapakidwa batala. Trigger yake, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, n'njabwino chichokereni m'bokosi, mfutiyo imalemera cha m'ma kilogalamu 3, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa, wogula sadzasowa. Vuto lake n'lakuti yatsopano idzameza gawo lalikulu la ndalama yanu, n'kukusiyani ndi galasi la chidole pamwamba pake. Kunena kuti popanda Tikka mwataya ndalama, kumeneko ndiye kukokomeza.

Howa 1500 ya ku Japan ndi imene ndimalozera anthu ambiri a thumba ngati lanu. Yakhalapo kuyambira 1979, ndipo makina ake ndi omwewo a mu Weatherby Vanguard. Ndi yolemererapo, si yokongola, ndipo pa mitundu yotchipa thunthu lake la pulasitiki wokutidwa ndi labala limapindika pang'ono kutsogolo ukalipanikiza. Koma chitsulo chake n'chenicheni, imalunjika, ndipo kulemerako kumamwa kugunda kwa .308. Kwa munthu amene azikhala pampando wa mumtengo kapena kuyenda pang'onopang'ono m'nkhalango yafulati, theka la kilogalamu lowonjezera si nkhani. Akanakhala wokwera mapiri a ku Scotland tsiku lonse, ndikanayankha zina.

Pakati pa ziwirizi pali Bergara B14 ya ku Spain, imene inatengera miyeso ya Remington 700 ya 1962, choncho zomangira galasi ndi zina zosinthira n'zambirimbiri. Palinso Mauser M18 ndi Sauer 100, zonse za ku Isny ku Germany, zimene chogwirira chake cha bolt chimangokwera pang'ono, osagunda galasi. Ruger American ndi Savage Axis za ku America n'zotchipa, zimalunjika modabwitsa, koma ukazigwira umamva pamene anapulumutsira ndalama. Pa zonsezi palibe imene ingakuchititseni manyazi pa mamita 150. Chosiyanitsa ndi thupi lanu. M'sitolo muvale jekete lochindikala lomwe mudzavale mu Disembala, tsinzinani, kwezani mfutiyo paphewa, ndiye tsegulani maso. Ngati diso likupezeka lili kale kumbuyo kwa galasi popanda kusendeza khosi, imeneyo ndi yanu. Yesaninso kachitsulo kotsekera kuti isaombe mwangozi. Ena amalira kuti "tcha!" ukamatsegula, ndipo muntjac ali pa mamita 40 samadikira kuti amve kachiwiri.

Za kaunjika nazo zilipo, ndipo ku Britain n'zambiri, chifukwa alenje ochuluka amawombera zipolopolo zochepa pachaka. Tikka T3 ya .308 imene inali ndi mwini mmodzi ingagulidwe pamtengo wa Howa yatsopano, ndipo pamenepo ine ndingatenge Tikkayo. Mudzaonanso za Parker-Hale ndi BSA za ku Birmingham, zamatabwa okongola, pamtengo wa nsapato ziwiri zabwino. Zina mwa izo n'zabwino zedi. Koma ndikuuzeni zimene zinandionekera. .243 yanga yoyamba ija ndinaigula kusitolo ina yakumudzi, mwini wake nkhalamba yokoma pakamwa. Kunja inkanyezimira. Ndinasuzumira m'paipi moyang'anitsa kuwindo, ndinaona kuwala, ndinati basi. Pa chandamale, ziwiri zoyamba zinkagundana, chachitatu chinkapita kwawo, kutalika kwa chikhatho. Ndinasintha zipolopolo mitundu inayi, ndinamanganso galasi, ndinayamba kudzikayikira ndekha. Patapita miyezi, mmisiri wa mfuti analowetsa kakamera kake m'paipimo n'kundiitana kuti ndione. Pafupi ndi pamene chipolopolo chimayambira ulendo, chitsulo chinali chitang'aluka ngati dothi la kudambo mu Okutobala, mizere ija itafafanizika mtunda wa chala. Mwini wake wakale ankawombera nkhandwe usiku ndi usiku. Kuika paipi ina kunali kodula kuposa mfutiyo. Ndiye mukafuna ya kaunjika, pemphani kuti aione ndi kakamera inu muli pomwepo, kapena mugwirizane polemba kuti mukaiyesa n'kupeza kuti sikulunjika, mubweza. Muonenso kukamwa kwa paipi. Anthu amene amasiya moderator, chitini chochepetsa phokoso, ili chimangire mfuti ikakhala m'kabati amadyetsa malo amenewo ku dzimbiri.

Galasi loonera, scope, ndi limene ndingakuumirizeni kuti musaumire. Lamulo limalola kuwombera gwape kuyambira ola limodzi dzuwa lisanatuluke mpaka ola limodzi litalowa, ndipo fallow, amene ndi wochenjera ngati kalulu wa m'nthano, amatulukira m'mphindi 15 zomalizira. Nthawi imeneyo galasi lotchipa limangoonetsa chithunzithunzi chotuwa, osadziwa ngati ndi wamkazi kapena wamphongo, pamene kusiyanitsako ndi nkhani ya lamulo: ku England roe wamphongo amaloledwa kuyambira 1 Epulo mpaka 31 Okutobala, wamkazi kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Malichi. Musakopeke ndi magalasi okhala ndi zopotokola zambirimbiri ndi manambala ofika 24. Galasi losasintha la 8x56 kapena 6x42 (nambala yoyamba ndi mmene limakuzira chinthu, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita) la kampani yabwino, logulidwa kwa wina, limaposa latsopano lodzaza zidule la mtengo womwewo. Schmidt & Bender 8x56 yakhala pa mfuti za alenje a kuno kwa zaka makumi, ndipo za kaunjika zimapezeka. Meopta ya ku Czech Republic nayo imapereka kuwala kwabwino pamtengo wachifundo. Mukagawa 56 ndi 8 mupeza mamilimita 7, kumene ndi kukula kwa kuwala kofika m'diso lanu, ndipo mboni ya diso la munthu kawirikawiri sitseguka kuposa pamenepo. Choipa cha 8 n'chakuti muntjac akatulukira pa mamita 20 m'ziyangoyango, mumangoona ubweya wokhawokha. Ngati kusaka kwanu kudzakhala kwa m'nkhalango yowirira, 6x42 kapena losintha la 3 mpaka 9 lingakukomereni. Zomangira galasilo zikhale zachitsulo chabwino. Mfuti zambiri zimene eni ake amati zasokonekera, vuto limakhala kasikuluwu kamodzi komasuka.

Moderator, chitini chija chomangirira kukamwa kwa mfuti, muipeze pamodzi ndi mfutiyo, ndipo mufunse apolisi ngati ikufunikabe kulembedwa pa fomu yomweyo. Siithetsa phokoso ngati za m'mafilimu, koma imaliphwetsa kufika poti makutu anu ndi a galu apulumuke, anthu a nyumba zoyandikana asaimbire apolisi, ndipo imachepetsa kugunda kwa paphewa moonekeratu. .308 yokhala ndi moderator imagunda mosasiyana kwenikweni ndi .243 yopanda kanthu. Eni malo ambiri salolanso mlenje wopanda chimenechi. Choncho mfuti imene mugule ikhale yodulidwa kale mazinga kukamwa, ndipo mudziwe muyeso wake, kaya M14x1, kaya M15x1, kaya 1/2 UNF, kuti moderatoryo igwirizane nayo. Paipi ikhale mainchi 20. Ya 24 yokhala ndi chitini kutsogolo imasanduka mtengo wothyolera mango, imakola nthambi iliyonse.

Ndalamazo ine ndikanazigawa motere: mfuti isapitirire £700, galasi ndi zomangira zake £450, moderator £250, yotsalayo zipolopolo. Ndodo zotsamiritsira mfuti mungapange nokha ndi timitengo tinayi ta m'dimba ta pulasitiki wobiriwira ndi mabawuti ochepa, ndipo zimagwira ntchito mofanana ndi za m'sitolo. Mabainokyula bwerekani kaye kapena gulani otsika, koma musapite opanda, chifukwa galasi la pamfuti si loyang'anira zinthu zimene simunazidziwe. Chimene chikugwedezeka m'tchire chingakhale mayi akuyendetsa galu.

Mfuti ikafika, gwape aiwaleni kaye. Gulani mabokosi awiri kapena atatu a zipolopolo za mkuwa zosiyana, muone chimene paipi yanu ikukonda, poti mfuti ziwiri za fakitale imodzi zimatha kusiyana zokonda. Mukachipeza, khalani nacho chomwecho. Lunjikitsani pa mamita 100, kenako dzukani pabenchi. Kutchire kulibe benchi. Imani pa ndodo zanu, ikani mbale ya pepala yaing'ono, ya masentimita 10 mpaka 12, ndipo mtunda umene mungalowetse zipolopolo zisanu mwa zisanu m'mbalemo ndiwo malire anu, ngakhale atakhala mamita 70 okha. Mtima ndi mapapo a roe n'zazikulu choncho basi. Muzilasa kuseri kwa mwendo wakutsogolo, cha pakati pa chifuwa kutsikirako pang'ono, nyama itaima chopingasa. Za kulasa mutu zisiyireni ena. Mutu umagwedezeka nthawi ina iliyonse, ndipo gwape wothyoka chibwano amafa ndi njala patapita masiku.

Chaka changa chachiwiri ndinawombera roe wamkazi chakumadzulo, m'mphepete mwa munda wa tirigu, mtunda umene ndinkadziwa mumtima kuti wandikulira. Ndinamva kulira kwa chipolopolo kuti "bu", osati "phwa" wa pachifuwa. Nyama inapinda msana n'kulowa m'minga pang'onopang'ono. Pamalo inaimapo ndinapeza ubweya ndi timadzi tobiriwira ta m'chifu. Ndinachita cholakwa chachiwiri, kuithamangira nthawi yomweyo m'malo modikira kuti igone, ndipo ndinaimva ikudzuka n'kupita patali. Tinaipeza m'mawa ndi galu wa mnzanga, ili m'ngalande, itafa kale, nyama yonse itaonongeka. Mfuti ndinanyamula tsiku limenelo inali yabwino kuposa zonse ndakutchulirani pamwambapa. Chichokereni tsikulo, m'foni mwanga simusowa nambala ya munthu wa galu wolondola magazi, ndipo nanunso mupeze wa kwanuko musanapite nokha koyamba.

Norfolk ndi dziko lathyathyathya, ndipo zimenezi zikukukhudzani kuposa dzina la mfuti. Chipolopolo cha .308 chikaphonya n'kukwera m'mwamba chimatha kuuluka makilomita oposa 3, ndipo cha mkuwa nthawi zambiri chimatulukira kuseri kwa nyama chikadali ndi mphamvu. Tchire, mpanda wa zitsamba kapena mitengo si zotchinga. Chotchinga ndi dothi limene mukuliona ndi maso kuseri kwa nyamayo. N'chifukwa chake kwanuko alenje amakonda mipando yokwezeka yotsamira pamtengo, kuti chipolopolo chizilowera pansi. Wapolisi wodzacheza nanu uja adzakufunsani za zimenezi, ndipo yankho lanu pamenepa lidzalemera kuposa zonse mungamuuze za Tikka ndi Howa.

Pa fomupo lembani .308 Winchester imodzi, moderator yake ngati ikufunikabe kulembedwa, ndi zipolopolo zokwanira kuyeserera, monga 150 kapena 200, ndipo m'bokosi la chifukwa mutchule agwape ndi kulunjikitsa mfuti pa malo ovomerezeka. Chiphaso chikafika, pitani kusitolo ndi mnzanu uja wa kuntchito, mugwire Howa 1500, Bergara B14 ndi Tikka T3 ya kaunjika ngati ilipo, jekete lija mutavala. Nyama yoyamba ya mfuti yanuyanu, msana wake musauwiritse ngati ya mbuzi, ungouma. Muotche pamoto waukali mphindi zochepa mbali iliyonse, miyendo ndiyo ipite mumphika ndi tomato ndi anyezi. Mukafika kunyumba muzidzifufuza nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno, poti za kunozi zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo mukaona chizungulire chofiira pakhungu pamene inaluma, pitani kwa dokotala sabata yomweyo.